Laputopu Yanu Sinalodzedwe, Yangotsamwa

Ife anthu wamba tili ndi zifukwa zitatu zimene timapereka laputopu ikayamba kuchedwa: yalowa vairasi, yakalamba, kapena pali wina kuntchito amene sakondwa nafe. Chifukwa chachinayi, chomwe kawirikawiri ndicho chenicheni, sitichitchula n'komwe poti chimatichotsa ulemu. Makinawo ndi auve m'kati, ndipo uvewo ndi wathu.

Tiyeni tione mmene zinthu zimayendera pansi pa kiyibodi. Purosesa ikamagwira ntchito imatentha kwambiri. Pamwamba pake pamagona kapaipi ka mkuwa kotsekedwa mbali zonse, m'kati mwake muli timadzi tochepa. Timadzito tikatentha timasanduka nthunzi n'kuthamangira kumapeto ena a kapaipiko, kumene kuli tizitsulo topyapyala tondandana mothithikana. Fani imapemerera tizitsuloto, nthunzi imazizira n'kukhalanso madzi, n'kubwerera kukatenga kutentha kwina. Vuto ndi loti faniyo sisankha. Ikamakoka mpweya kuchokera pansi, imakokera limodzi fumbi, ubweya wa bulangete, tsitsi ndi nyenyeswa za mandasi amene timadyera pa kiyibodi ponamizira kutanganidwa. Zonsezi zimakaunjikana pakati pa fani ndi tizitsulo tija mpaka kupanga kachiguduli kotuwa kotseka njira. Fani imalira mokweza, koma mukaika dzanja potulukira mpweya simumva kanthu. Purosesa zambiri zikayandikira madigiri 100 zimadzichepetsera zokha liwiro kuti zisapse, ndipo kutentha kukapitirira makinawo amangozima. Choncho kuchedwa kumene timakutukwanako ndi nzeru za makina ofuna kukhala ndi moyo, pamene ife eni ake tikufunsa mnansi ngati akudziwa sing'anga wa makompyuta.

Wina anena kuti, "Koma ine yanga ndimaipukuta tsiku ndi tsiku." Zoona, tonsefe timapukuta. Timapukuta sikirini ndi chivundikiro, mbali zimene anthu amaziona tikaitulutsa m'chikwama pamsonkhano. Ukhondo wathu umathera pamene maso a anzathu athera. N'chifukwa chake timathamangira kugula cooling pad, makamaka ija yoyaka timagetsi tabuluu, poti imaoneka ndipo mlendo amafunsa mtengo wake. Sindikuinyoza, imathandizako pang'ono pokweza laputopu ndi kuyendetsa mpweya pansi. Koma mphepo yake singadutse pamene kachiguduli kaja katseka. Mwangowonjezera phokoso lachiwiri pa loyamba, n'kulanda doko limodzi la USB.

Chotsutsa cholemera ndi cha amene amaopa kutsegula makinawo, ndipo mantha awo ndi omveka. Munthu wamba akagwira sikuludiraiva, pomaliza pamatsala timasikuluu tiwiri topanda kwawo. Komabe ntchito yambiri sifuna ukatswiri. Zimitsani laputopu, chotsani chaja, ndipo ngati batire imachoka ichotseni. Ngati chivundikiro cha pansi chimamasuka mosavuta, masulani, gwirani fani ndi chotokosera m'mano kuti isazungulire mopenga n'kuwonongeka, kenako pemererani pang'onopang'ono ndi kapampu ka mphira kapena mpweya wa m'chitini wogulitsidwira ntchito yomweyi, n'kuchotsa zotsala ndi kaburashi kofewa. Kupemerera ndi pakamwa lekani. Mpweya wathu umabwera ndi malovu, ndipo waya ndi chinyezi sizigwirizana. Pali mitundu ina imene kuti mufike pa fani muyenera kuphwasula makina onse. Imeneyo pititsani kwa wokonza makompyuta, mum'pemphenso asinthe thermal paste, phala lotuwa lija lapakati pa purosesa ndi mkuwa, lomwe limauma zaka zikamapita. Amene akudandaula kuti waranti itha akatsegula ayambe akumbukira kumene anaigula laputopuyo. Zambiri zathu ndi za kaunjika, waranti yake inathera m'manja mwa mwini woyamba kutsidya kwa nyanja.

Palinso anzathu otaya mtima amene amati kuno fumbi ndi lathu, makamaka Seputembala ndi Okutobala mvula isanagwe, pamene ku Nsanje ndi Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo minibasi iliyonse yodutsa pamsewu wadothi imatisiyira gawo lathu pazenera. Akuti kuchotsa fumbi n'kudzivutitsa poti libweranso. Inde libweranso. Koma anthu omwewa amasesa pabwalo m'mawa uliwonse, ndipo sindinamvepo wina akuti asiye kusesa chifukwa mawa padzagwanso masamba. Laputopu sikupempha zambiri chotero. Kamodzi pachaka, kapena kawiri ngati nyumba ili m'mbali mwa msewu, n'kokwanira. Chotsala n'kuiika patebulo kapena pathabwa, osati pa matiresi kapena pa bulangete pamene timabowo ta pansi timatsekeka, ndiponso kuizimitsa pamene m'nyumba mukusesedwa.

Njira yopulumukiratu ilipo. Mu 2020 kampani ya Apple inatulutsa MacBook Air yokhala ndi purosesa ya M1 yopanda fani n'komwe, moti sikoka mpweya ndipo ilibe pomwe kachiguduli kangamere. Ndi makina abwino ndithu. Amene afunsa mtengo wake m'makwacha andiuze, ine ndikhala ndikusakasaka chotokosera m'mano.