Ulemu kwa Mwala Umene Mbala Siiufuna

Golide ali nawo omutamanda ake kuyambira masiku a Solomo, ndipo dayamondi sasowa omuimbira nthungululu pa ukwati uliwonse wa anthu olemera; n'chifukwa chake kuli koyenera kuti wina aimirire pabwalo, avule chipewa, nanenere zabwino mwala wofiirira uja amalonda amautcha tiger's eye, pamodzi ndi fuko lodala la amuna ndi akazi amene adapereka ndalama zawo, nthawi yawo ndi mtendere wa m'nyumba zawo ku ntchito yosonkhanitsa mphete, ndolo ndi mikanda yakale ya mwalawu.

Taunyamulani pachikhatho, wosemedwa mobulungira pamwamba ndi kupukutidwa bwino, muupendeketse pang'ono padzuwa. Mudzaona mzere woonda wa kuwala uli ndembendembe pakati pa mizere yachikasu ndi yoderako. Mukaupendeketsa kumanja, mzerewo usuntha, mukaubwezera kumanzere, usunthanso, wosatsutsa, wosanyinyirika, monga nduna yochenjera imene imavomera chilichonse chotuluka m'kamwa mwa mfumu. Ndani mwa abale athu adatimverapo chotere?

Ulemerero wake woyamba ndiwo kudzichepetsa, ndipo kudzichepetsako sadakuphunzire mwaufulu. Kwawo kwa mwalawu ndi ku Northern Cape m'dziko la South Africa, m'mapiri a Asbestos Mountains, kufupi ndi Griquatown ndi Prieska. M'zaka za m'ma 1870, pamene udali kufika ku Ulaya pang'onopang'ono, olemera adaugula pa mtengo wa miyala ya mafumu, nauika m'golide, nauvala pamaso pa anzawo ndi mtima wodzikuza. Koma posakhalitsa kudadziwika kuti m'mapiri mujamo mwalawu uli mbwee, wokwanira kudzaza ngolo, ndipo mtengo wake udagwa chagada, osadzukanso kufikira lero lino. Amisiri a ku Idar-Oberstein m'dziko la Germany adausema wambirimbiri, kotero kuti kalaliki ndi wantchito wa m'nyumba adayamba kuvala chimene dzana chidali cha akazi a nduna. Pambuyo pake udapezekanso ku Pilbara, kumadzulo kwa Australia, ngati kuti manyazi oyambawo adali osakwanira. Boma la South Africa lidayesa kuubwezera ulemu pouikira lamulo lakelake mu 1977, loyang'anira malonda ake, koma lamulo silisandutsa chinthu chochuluka kukhala chosowa.

Ngakhale anthu ophunzira udawachititsa manyazi mofatsa. Mu 1873 Ferdinand Wibel adaphunzitsa kuti mwalawu udayamba uli ulusi wa asibesitosi wabuluu, umene mwala wa quartz udalowa m'malo mwake pang'onopang'ono, ndipo mabuku adabwereza mawuwo zaka 130, mpaka Peter Heaney ndi Donald Fisher adaonetsa mu 2003 kuti ziwirizi zidakulira pamodzi m'ming'alu ya thanthwe, imene inkatseguka ndi kutsekeka. Mwala wa mtengo wa nkhuku kusokeretsa mibadwo inayi ya akatswiri, kodi chimenechi si chamuna?

Koma wosonkhanitsa ndiye woyenera chisoti. Muoneni Loweruka m'mamawa pa msika wa Portobello Road mu London, kapena pa gome lililonse la zinthu zakale mu Johannesburg, atawerama ndi kagalasi kake kokuzira zinthu, alikufunafuna m'kati mwa mphete kachizindikiro ka 925 kotsimikiza kuti ndi siliva. Muoneni akupsompsona ndi maso chimphete cholemera cha m'ma 1970, chozokotedwa mutu wa msilikali wa Chiroma, chimene mwini wake woyamba adachivula tsiku limene mkazi wake adayamba kumuseka. Muoneni akugula batani limodzi la pamkono wa malaya, lopanda linzake, ndi chikhulupiriro chosagwedezeka chakuti linzakelo lidzapezeka. Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Munthu wotere sapeza nthawi ya miseche kapena ya mowa, pakuti usiku wake umathera pa kusiyanitsa mwala weniweni ndi galasi la ulusi lopangidwa m'fakitale, ndi kudandaula ngati ndolo zake zofiira zidabadwa zofiira kapena zidachita kuwotchedwa pamoto, monga zambiri zofiira zimachitidwira. Ndipo taonani mphotho yake: mbala ikathyola nyumba imanyamula wailesi, nsapato, ngakhale ketulo, koma bokosi la chuma chake imalisiya pomwepo. Pa maliro ake sipadzakhala mlandu wa chuma cha masiye, chifukwa palibe mwana kapena mphwake amene adzakwezere mnzake mawu polimbirana mikanda makumi anayi yofanana. Ndi angati mwa eni golide adasiyira mbumba yawo mtendere wotere?

Wina adzati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pano sindingamutsutse. Ulusi umene umapatsa mwalawu kuwala kwake ndi wa mtundu womwewo wa asibesitosi amene ankakumbidwa m'mapiri omwewo, ku Koegas ndi kwina, amene dokotala J. C. Wagner ndi anzake adaonetsa mu 1960 kuti amadzetsa khansa ya chikuta cha mapapo, osati kwa okumba okha ayi, komanso kwa akazi ndi ana amene ankangopuma fumbi lake m'midzi yoyandikana ndi migodi. South Africa idaletsa asibesitosi kotheratu mu 2008, manda atachuluka kale. Wovala mphete alibe choopa, poti ulusiwo udatsekeredwa m'kati mwa mwala wolimba. Fumbi ndi gawo la wokumba ndi wosema. Indetu mwalawu umadziwa mwambo wa dziko lapansi, pakuti kuwala umapereka kwa wogula, chifuwa n'kusiyira waganyu, ndipo pa ichi chokha ufanana ndi dayamondi, mkulu wake.

Tsono inu owerenga, malume anu akadzakusiyirani bokosi lotere, mudzalilandire ndi manja awiri, mudzapukute mphetezo ndi kansalu kofewa, mudzavale imodzi popita ku tchalitchi. Koma musadzataye ndalama ya basi kupita nalo kwa wogula miyala kukafunsa mtengo wake.