Mbalame Ikakhala pa Uta Siilasika, Ngakhale ndi Foni

Mwambi wakuti "mbalame ikakhala pa uta siilasika" unachokera kwa alenje. Uta umaponya muvi patali, choncho mbalame imene yatera pa uta weniweniwo ili kumbuyo kwa nsonga ya muvi, ndipo mlenje amangopenyana nayo. Akuluakulu ankautchula kwambiri pabwalo la milandu. Nyakwawa ikamazenga mlandu wa mbuzi yobedwa, kenako n'kupezeka kuti wakubayo ndi mphwake, imayamba kutsokomola, kufunsa ngati mboni zonse zafika, mpaka mlandu kuimitsidwa kudikira mwezi wamawa. Chinthu chikayandikira kwambiri, dzanja limafooka.

Mauta anatha. Anyamata anatengera legeni ndi ulimbo, ndipo masiku ano chida chimene chimalozetsedwa kwa mbalame kawirikawiri ndi foni kapena rimoti. Mwambiwo sunapume pantchito, unangosamukira m'tauni.

M'Malawi muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, monga momwe Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anaiwerengera m'buku lawo la mu 2006. Alendo amalipira ndege kuchokera ku London kudzafuna ina mwa mitunduyi ku Liwonde, ku Nyika, ku nyanja ya Chilwa ndi m'nkhalango za ku Thyolo ndi Mulanje. Koma yambiri siifuna tikiti. Pumbwa amayamba phokoso kusanache ndipo amalawa papaya aliyense mwini wake asanamuthyole. Mpheta zimatola madeya pamtondo, choso amalowetsa mlomo wake wopindika m'maluwa a pampanda, namzeze amamata nyumba yake yadothi pansi pa khonde popanda kupempha chilolezo kukhonsolo. Khwangwala, wovala kolala yoyera ngati mlaliki, amayendera dzala lililonse kuyambira ku Ndirande mpaka ku Chibavi. Zonsezi zili pa uta. N'chifukwa chake pakhomo pambiri zimangotchedwa "kambalame kaja".

Mbalame zodziwika ndi maina awo ndi zakutali, za m'makatuni. Mwana wa ku Area 25 amene sangasiyanitse timba ndi tchete amamudziwa bwino Zazu, nduna ya mfumu Mufasa mufilimu ya The Lion King ya mu 1994. Zazu ndi msuweni wa nang'omba, wamng'ono thupi, wofiira mlomo, ndipo amene anamulankhulira ndi Rowan Atkinson, yemwe ambiri amamudziwa kuti Mr Bean, munthu wotchuka chifukwa chosalankhula. Mwana yemweyo amadziwanso Blu wa mufilimu ya Rio ya mu 2011, chinkhwe cha ku Brazil chimene chinakulira m'nyumba ku Minnesota mpaka kusadziwa kuuluka. Mbalame zenizeni za mtundu wa Blu zinalengezedwa mu 2019 kuti zatha m'tchire, ndipo mu 2022 zina zoleredwa ndi anthu zinamasulidwa ku Bahia. Kutchuka m'kanema sikunaziikirire dzira ngakhale limodzi.

Filimu imene inayandikirako ndi Zambezia ya mu 2012, yopangidwa ndi kampani ya Triggerfish ku Cape Town. Imasimba za kabawi wachinyamata dzina lake Kai, amene akuthawa kwa bambo ake kupita ku mzinda wa mbalame womangidwa mumlambe pamwamba pa mathithi a Victoria Falls, ndipo mdani wamkulu ndi ng'azi yotchedwa Budzo. Mlambe, ng'azi ndi kabawi zonse zimapezeka ku Balaka. Kusiyana kwake n'kwakuti kabawi wa m'filimu akatsika mwaliwiro ana amaomba m'manja, pomwe wa ku Balaka akatero mudzi wonse umakuwa ndipo mwanapiye mmodzi amasowa.

Chimene chimachititsa kuti mbalame ya m'katuni ilasike n'chodziwika. Ilibe moyo wakewake. Ndi zithunzi zotsatizana, zokwana 24 pa sekondi iliyonse, zimene diso limaziona ngati chinthu choyenda. Imayang'ana woonera, imatchula dzina lake, imafotokoza mavuto a m'banja mwake, ndipo munthu akafuna kukapakula nsima amaiimitsa ili m'malere n'kudzaipeza pomwepo. M'mavidiyo sho ena imalankhulanso Chichewa chomasuliridwa, chokhala ndi nthabwala zimene eni filimu sanazilote. Pumbwa wa pampanda alibe batani loimitsira. Woonera akamasolola foni m'thumba, kuchotsa loko, kutsegula kamera ndi kukana uthenga wonena kuti malo adzaza, mbalame imakhala itafika kale kwa aneba. Chotsala ndi chithunzi cha nthambi, ndipo mafoni ambiri a okonda mbalame ndi nkhokwe za nthambi zojambulidwa bwino kwambiri.

Kadzidzi ndiye amaonetsa bwino kusiyana kwa mbalame ya pa uta ndi ya patali. M'makatuni amapatsidwa udindo wa mphunzitsi kapena mlangizi, ndipo filimu ya Legend of the Guardians ya mu 2010 inasandutsa akadzidzi asilikali ovala zisoti. Banja lonse limaonera mosangalala, agogo omwe. Usiku womwewo kadzidzi weniweni akalira padenga, agogo aja amadzutsa nyumba yonse, wina amasolola chikuni chamoto, wina amayamba kuwerenga abale amene akudwala. Mbalameyo inabwera kudzagwira makoswe amene akutha chimanga, ntchito imene mphaka wa pakhomo anaisiya kalekale. Nantchengwa naye amaopedwa chimodzimodzi, chonsecho chisa chake cha timitengo ndi matope chimafika mita imodzi ndi theka m'mimba mwake ndipo chikhoza kunyamula munthu wamkulu. Chikanakhala m'filimu chikanatchedwa nyumba yachifumu.

Mbalame yolankhulana ndi munthu, imene opanga makatuni amaikhalira zaka pakompyuta, iliko kale m'tchire. Nsadzu imalondolera anthu kumene kuli njuchi kuti iwo afule uchi, iyo idye phula. Kafukufuku wa Claire Spottiswoode ndi anzake, wofalitsidwa mu 2016, anaonetsa kuti ofula uchi achiyao a ku Niassa ku Mozambique akaiitana ndi kaitanidwe kawo, mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa 100 iliyonse. Nsadzu siimba nyimbo pakati pa ulendo, ndipo mwina n'chifukwa chake siinapatsidwe filimu yakeyake.

Kaonedwe ka mbalame za pakhomo sikalira zambiri. Nthawi yabwino ndi m'bandakucha ndi chakumadzulo. Pamafunika mpando, mbale yakale yothiramo madzi pamthunzi, ndi kukhala chete, komwe ndiko kumagonjetsa ambiri. Magalasi oonera patali amathandiza, ngakhale kuti m'makomboni mwini wake amayenera kufotokozera aneba kangapo kuti akuyang'ana mtengo wa mango, osati bafa. Oyamba kumene amalangizidwa kuzindikira kulira asanafune maonekedwe, popeza njiwa, mwiyo ndi lumbe zimamveka zisanaoneke.

Nthawi imene mbalamezi zimapeza oonera ambiri ndi pamene magetsi azima filimu ili pakati. Ana amatuluka panja mokwiya, amakhala pakhonde, ndipo patapita mphindi zingapo mmodzi amaloza pawaya n'kufunsa kuti kambalame kakuda kamchira wamphanda kaja ndi ndani. Mayi amayankha kuti afunse agogo. Agogo amatchula dzina, kulira kwake ndi nthano yake, koma asanafike pamene kalulu akulowerera, magetsi amayaka ndipo khonde limatsala ndi agogo ndi mbalame ija.