Chaona Mnzako Chapita, Koma Tayala la Kutsogolo Silikudziwa

Akuluakulu amene anatisiyira mawu oti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, anamwalira asanaone BMW. Akanaiona, akanagwada kaye n'kusuzumira kunsi kwake, kenako akanaitanitsa bwalo lokonzanso mwambiwo. Pa miyambi yonse, uwu ndi umene ndimaudalira kwambiri, chifukwa ndi umene umam'gwira munthu pakamwa akafuna kuseka mnzake amene wagwa. Koma kuyambira mwezi wathawu chikhulupiriro changa chikutsimphina, ndipo wachititsa ndi tayala.

Mnyamata wina wa kwathu kuno ku Molumbo, amene wakhala zaka ku Joni, anabwera kudzaona makolo ake pa BMW yakuda ya 3 Series, yotsika moti ngakhale nkhuku singabisale kunsi kwake. Phula atalisiya ku Milange, ulendo wonse anauyenda mtima uli m'mwamba. Galimoto inafika Lachitatu, bampala yake inafika Lachisanu pa lole ya chimanga. Atangopuma, anayamba ntchito imene anabwerera: kuima pamsika, kuliza injini kawiri katatu, kenako kunyamuka ndi mkokomo, timiyala tikuthawira m'tomato wa azimayi. Tisam'weruze. Munthu amene wazunzika kwa eni ake ali ndi ufulu woti akwawo amumve akamadutsa.

Sabata isanathe, galimotoyo inali pa jeke pansi pa mtengo wa mango, kwa madala ena omata matayala. Anachotsa la kumbuyo n'kuligubuduzira poyera. Kunja linkaoneka la ulemu wake, mano alipo ndithu. Koma m'mphepete mwa m'kati munali mutasalala, mawaya atatuluka. Linzake chimodzimodzi. Akutsogolo awiri anali gwa, ngati sanachokere limodzi ku Johannesburg.

"Apa palibe vuto, bwana," anatero madalawo. "Tingosinthanitsa. Akutsogolowa abwere kumbuyo akalaweko ntchito, akutha awa apite kutsogolo akapume."

"Sizitheka, madala. Tawerengani pambalipo."

Madala anapukuta fumbi ndi chala. La kutsogolo linalembedwa 225, la kumbuyo 255. Manambalawa ndi mamilimita a m'lifupi mwa tayala. Akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, ndipo marimu ake nawonso ndi osiyana. Anapanga dala choncho ku Germany kuti galimoto yamphamvu igwire bwino msewu ikamanyamuka. Tanthauzo lake n'lakuti tayala lobadwira kutsogolo lidzafera kutsogolo, lobadwira kumbuyo lidzafera kumbuyo. Chimene chaona mnzake, la kutsogolo limangochimvera m'mphepo. Likhoza kuika maliro a akumbuyo, kulandira olowa m'malo awo, n'kuwaonanso akuyamba dazi, ilo likadali ndi mano. Mawa lake silifika.

Chifukwa chake n'chosavuta. Pa galimoto zotere injini ili kutsogolo, koma mphamvu yake imadutsa m'giyabokosi, n'kuyenda ndi chitsulo chachitali cha kunsi mpaka pa difu, ndipo difu imaigawira mawilo awiri akumbuyo. Amenewo ndiwo amakankha galimoto yonse, mwini wake, chibwenzi chake ndi masipika a m'buti. Ukaponda mafuta mwaukali, kulemera kwa galimoto kumatsamira kumbuyo, mphira n'kumakwechesana ndi nthaka. Kulira kumene anyamata apamsika amakuombera m'manja ndi mphira umene ukutsala pamsewu. Kuwonjezera apo, mawilo akumbuyo a galimoto ngati zimenezi amaima mopendekera pang'ono, kumwamba kwake kutaloza m'kati, kuti galimoto isaterereke pokhota. N'chifukwa chake tayala limadyeka m'kati, kumene munthu woimirira saona. Kuti uone uyenera kugwada, ndipo munthu wovala thalauza yoyera sagwada pamsika.

Akutsogolo nawo tisawanamizire ulesi. Amakhota, ndipo ukaponda buleki mtolo waukulu umagwera iwo. Pa galimoto zing'onozing'ono zimene zadzaza misewu ya Mulanje ndi Blantyre, monga Vitz, Sienta ndi Probox, akutsogolo ndiwo amachita zonse: kukoka, kukhota ndi kuima. Kumeneko amayamba kutha ndi iwo, akumbuyo akungotsatira mwaulemu. Koma kumeneko mwambi wathu uli moyo, chifukwa matayala onse anayi ndi ofanana. Mabuku a galimoto zambiri amalangiza kuti ukayenda makilomita pafupifupi 10,000 uwasinthanitse, wakumbuyo apite kutsogolo, wakutsogolo abwere kumbuyo. Ine ndimati amene analemba malangizo amenewo ku Japan anali ndi agogo a kuno. Ndi mwambi womwewo, angouwonjezera sipanala.

Ngakhale Toyota Mark X, imene anyamata athu amaisirira, nthawi zambiri imalola chilungamo chimenechi. Inapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2019, ili ndi injini ya V6, ndipo zambiri zimakankhira kumbuyo. Imadya matayala akumbuyo mosanyengerera, koma pa zambiri onse anayi ndi amsinkhu umodzi, ndiye mwini wake wanzeru akhoza kugawa mavuto mofanana. Vuto n'lakuti mwini Mark X wanzeru sapezekapezeka.

Mnyamata wathu uja sanaphunzire khalidweli kuno. Ku Soweto kuli masewera ozungulitsa galimoto pamalo amodzi, utsi uli tolotolo, woyendetsa nthawi zina atatulukira pawindo galimoto ikuzungulirabe. Mfumu ya masewerawa ndi BMW 325iS yakale, imene kumeneko amaitcha Gusheshe, yopangidwira ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria. Kumeneko moyo wa tayala la kumbuyo amauwerenga m'mphindi. Limalowa m'bwalo, limafuka, limaphulika, anthu n'kukuwa ndi chimwemwe. La kutsogolo limabwerera kunyumba usiku womwewo lili bwinobwino, sabata yamawa n'kudzaonereranso imfa ya mnzake wina. Mukafuna malo amene mwambi wa makolo unagonjeratu, ndi m'bwalo limenelo.

Ndikanatha kusiyira pomwepa n'kuseka, koma nkhani ya amene amakankha kumbuyo imandikhudza penapake. Mu 2016 boma la Mozambique linagwirizana ndi la India za kugulitsana nandolo. Alimi a kuno ku Zambezia anamva, analima, minda inadzaza. Mu 2017 mtengo unagwa pansi, anthu n'kutsala ndi matumba m'nyumba, ana akufuna makope. Ogula nandolo sanagwe nawo. Anapinda masikelo awo, chaka chotsatira anabwera kudzafunsa soya. Amene amakhazikitsa mitengo, amene amasaina mapangano, amene amasankha msewu woyamba kuthiridwa phula, onsewo amakhala kumene kuli chiwongolero: ku Quelimane, ku Maputo, ngakhale kutsidya la nyanja. Amene amakwechesana ndi nthaka ali kuno. Molumbo linakhala boma palokha mu 2013, litachotsedwa ku Milange, ndipo tinasangalala. Koma thumba la chimanga likadali kuchoka m'mudzi pa kaliyala wa njinga, pamwamba penipeni pa tayala la kumbuyo, ndipo wakabaza aliyense akuuzani kuti ndi limenelo limene amagula kawirikawiri. Sindinaonepo tsiku limene wogula nandolo ndi mlimi anasinthanitsidwa malo atayenda makilomita 10,000. Mwambi umati mawa chili pa iwe. Alipo anthu amene marimu awo anapangidwa mwa mtundu wina.

Komatu Molumbo sililola kuti mwambi wa makolo unyozeke mpaka kalekale. Lili ndi njira zake zobwezera. Tayala la galimoto yothamanga limakhala ndi khoma lalifupi, mphira wochepa pakati pa rimu ndi msewu. Pa phula la Gauteng n'zokongola. Pa msewu wafumbi wokhala ndi miyala yosongoka ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula, limene limayamba kukumana ndi mwala ndi la kutsogolo. Kamodzi kokha, khu, m'mbali mwatuluka chotupa, ndipo chotupa cha m'mbali sachimata. Tayala lija linanyada kuti silidziwa ntchito limapita kudzala mano ake onse ali m'kamwa. La kumbuyo limafa ndi thukuta, la kutsogolo limafa ndi ngozi. Kaya chimenecho n'chilungamo kapena ayi, akaweruze a mfumu.

Dzinja likafika, mlandu umakulanso. Galimoto yokankhira kumbuyo ikatitimira, woyendetsa amachita chimene mtima wamuuza, kuponda mafuta mpaka pansi. Mawilo amazungulira pamalo amodzi, akudzikumbira manda. Ndiye amabwera anyamata okankha, amene amadziwa dambo lililonse la pakati pa Milange ndi Gurué ndiponso mtengo wake. Amaima kumbuyo, mapewa pa buti, ndipo matope onse amene tayala likutaya amathera pankhope pawo. Galimoto ikatuluka, woyendetsa amatulutsa dzanja pawindo, malaya ake ali mbee. Apanso onani amene wadetsedwa ndi amene wathokozedwa kuti amadziwa kuyendetsa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindiseka nacho. Madalaivala ambiri a chapa, maminibasi athu a kuno, akapeza ndalama ya matayala awiri okha atsopano, amawaika kutsogolo, amati chiwongolero chikhale ndi mphamvu. Akutha aja amawakankhira kumbuyo, kumene kwakhala anthu, matumba ndi mbuzi, kumenenso Hiace imakankhira. Opanga matayala amalangiza zosiyana ndi zimenezo: atsopano apite kumbuyo, kaya galimoto imakokera kutsogolo kaya imakankhira kumbuyo. Akutsogolo akaterereka, dalaivala amamva m'manja ndipo akhoza kuchepetsa liwiro. Akumbuyo akaterereka kapena limodzi likaphulika, galimoto imatembenuka yokha, dalaivala n'kukhala mlendo pampando wake. Tayala latsopano limabwera ndi mano ozama pafupifupi mamilimita 8. M'ngalande zake muli timizere topingasa tokwera mamilimita 1.6, ndipo mano akafika pofanana ndi timizere timeneti, tayalalo latha, ngakhale mwini wake alumbire kuti likhoza kufika ku Mocuba n'kubwerako. Amene mumakwera chapa, palibe amene angakumangeni chifukwa chosuzumira tayala la kumbuyo musanalipire.

Mnyamata wathu anafunika matayala awiri a 255, ndipo ku Molumbo kuno ukafunsa 255 anthu amaganiza kuti ukunena mtengo. Anatumiza uthenga ku Milange, anaimbira anzake ku Limbe, mpaka kunabwera awiri a kaunjika atamangidwa ndi malegeni pa njinga yamoto. Madala aja, amene sukulu sanapite nayo patali koma matayala amawawerenga bwino, anafufuza pambali mpaka anapeza manambala anayi otsekeredwa m'kabokosi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene tayala linapangidwa.

"Awa, bwana, ndi akulu kuposa mwana wanga wa sitandade 5. Mano alipo, koma mphira wauma. Onani ming'aluyi."

"Angondifikitsa ku Joni basi, madala."

"Akufikitsani, mukamanyamuka ngati munthu wopita kumaliro."

Makampani ngati Michelin amati tayala likakwanitsa zaka 10 lichotsedwe, ngakhale lionekebe labwino. Koma mawu amenewo amanenedwa kumene kuli sitolo ya matayala pakona iliyonse. Kuno tayala limene linakanidwa ku Ulaya kapena ku Japan limayamba moyo wachiwiri, ndipo likatha apo limayembekezera wachitatu.

Pa moyo wachitatuwo ndi pamene ndinkayembekeza kuti la kumbuyo lipeza ulemu wake. Tayala lakutha kwathu kuno silitayidwa. Limasanduka nkhwayira, zomangira, chomwera nkhuku, mpando wa pa gulosale. Mnyamata uja ananyamula awiri ake akutha kupita nawo kwa mmisiri wosoka nkhwayira, akuganiza kuti nsapato za BMW zikhala ndi mtengo wapadera. Mmisiriyo analigwira limodzi, analipinda, anayendetsa chala pa mawaya aja n'kuchichotsa msanga.

"Ili ndi la mawaya, achimwene, lingondithera mpeni. Ine ndimafuna a lole akalekale, a ulusi. Awa kawaikeni padenga."

Ndi mmene zinathera. Mayi ake a mnyamatayo anatuma adzukulu kuti awakweze pamwamba pa malata, kumbali imene mphepo ya ku phiri imakonda kukanganula. Tsiku lotsanzikana, injini ikulira kale pabwalo, mayiwo anaweramira pawindo.

"Ukamadzabweranso, mwanawe, udzanditengere ena awiri oterewa. Denga la khitchini nalonso likuvuta."

Mnyamatayo anavomera, n'kunyamuka mwa kanyamukidwe kake kaja. Mmene timiyala tinaulukira, khitchiniyo sidikira nthawi yaitali.