Mbuzi inapita kwa a Witi

Kwathu kuno kalata ya Chingerezi ikafika, amaitana ine. Sikuti sukulu ndinapita nayo patali ayi, Fomu 4 ndinaimaliza chokwawa. Koma ndili ndi magalasi, ndipo munthu wamagalasi akagwira pepala n'kutsokomola kawiri, khamu lonse limangoti zii. Ulemu umenewu ndaudyerera zaka zambiri. Nkhuku zafa, thobwa laphikidwa. Zonsezi zinathera pa mbuzi ya alamu anga.

Mbuziyo inabedwa usiku, wakubayo anagwidwa, ndipo patapita masabata angapo alamu anatulukira ndi pepala la mlandu atalipinda kanayi m'thumba la malaya. Ndinavala magalasi, n'kutsokomola kawiri. Pepalalo linkati mnyamata uja anaba chiweto, kenaka panali timawu tiwiri, "to wit", kenaka mbuzi imodzi yaikazi. Apa mutu unathamanga. "To" ndimamudziwa kuyambira Sitandade 3, ndiye "kwa". Basi "wit" ndi munthu.

"Alamu, mbuzi yanu inapita kwa a Witi. Aboma alemba okha apa."

"A Witi ake ati?"

"Amenewo mukafufuze ndinu. Ine yanga n'kuwerenga."

Alamu anapalasa njinga masiku awiri. Anafunsa ogulitsa nyama pamsika, anafunsa anyamata ootcha kanyenya, mpaka wina anawalozera kwa mkulu wosoka nsapato amene dzina lake limayamba ndi W, ndipo kunatsala pang'ono kubuka mlandu wachiwiri. Tsiku lachitatu anakumana ndi aphunzitsi ena opuma ntchito, a mumpingo mwathu momwemu. Atawaonetsa pepala lija, akuti aphunzitsiwo anaseka mpaka kutsamira mtengo wa mango. "To wit" m'chinenero cha maloya amangotanthauza "ndiye kuti". Anaba chiweto, ndiye kuti mbuzi imodzi. Mbuziyo sinapite kwa aliyense. Inali itadyedwa kalekale.

Ine sindigonja msanga. Ndinavala jekete n'kupita kwa aphunzitsiwo kukatsutsa. Anandikhazika pakhonde, n'kutulutsa mabuku awiri onunkha mphemvu: dikishonale yopanda chikuto ndi Baibulo la Chingerezi la King James, lomwe linasindikizidwa koyamba m'chaka cha 1611. Atatsegula dikishonale ija anandiuza chinthu chimene chikundiwawabe mpaka lero. "Wit" ndi mneni wakalekale, ndipo tanthauzo lake ndi "kudziwa". Tangoganizani. Pa aneni onse a m'Chingerezi, wondigwetsa ine pamaso pa alamu anali "kudziwa".

Mneni ameneyu khalidwe lake n'la munthu wothawa ngongole, mudzi uliwonse ali ndi dzina lina. Ukafuna kunena kuti "ndikudziwa" sunena "I wit", umati "I wot". "Ukudziwa" ndi "thou wost", paja kale Angerezi anali ndi "iwe" wawo, "thou", asanamutaye n'kuyamba kutchula aliyense, ngakhale galu, ndi "you" waulemu uja. "Akudziwa", munthu mmodzi, ndi "he wot". Mukachuluka amabwerera ku "wite". Zikakhala za dzulo amasandukanso "wist". Ndinawerenga ndi zala: wit, wot, wost, wite, wist. Munthu mmodzi ziphaso zisanu.

Pa "he wot" paja ndinaimika nkhani. Ine ndinakwapulidwa ku pulayimale chifukwa cholemba "he go" wopanda mchira, ndipo mpaka lero ndikaona "s" matako amanyerenyetsa. Nanga uyu bwanji akuyenda wopanda "s" wake m'mabuku olemekezeka? Aphunzitsi anati ndi wa banja limodzi ndi "can", "may" ndi "shall", amene palibe amawapachika "s". Aneni a banja limeneli maonekedwe awo ndi a nthawi yapita, koma amanena za tsopano. Tsinde la "wit", lomwe m'Chingerezi chamakedzana linali "witan", gwero lake ndi kuona. Munthu ankati "ndaona", ndipo poti waona, ndiye kuti akudziwa. Achibale ake ali ponseponse. Ajeremani amati "wissen", Chilatini chili ndi "videre", kuona, komwe kunachokera vidiyo imene timaonera m'mashedi pamsika, ndipo mabuku opatulika a Ahindu otchedwa Veda dzina lawo ndi lomwelo, chidziwitso.

Ndinakhala kaye chete. Kenaka ndinati, "Aphunzitsi, zimenezi si 'ndakhuta' basi?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, omwe ndi okhuthala kuposa anga. Ndinapitiriza. Munthu akati "ndakhuta", kudya kunachitika kale koma mimba ili ndi umboni pompano. "Ndatopa" chimodzimodzi. "Agogo akalamba", sikuti anakalamba Lachiwiri n'kusiya. Aphunzitsi anavomera kuti fanizolo likugwira. Tsiku lonselo mphindi yanga yaulemerero inali yomweyo, ndipo panalibe mboni kupatula nkhuku zawo.

Chinanditonthoza china n'chakuti eni chinenero nawonso mneniyu anawazunguza. Mibadwo itapita anayamba kuona ngati "he wot" ndi wamaliseche, n'kumuveka mchira: "wotteth", "wots", "thou wottest". Mu Genesis 39:8, pamene Yosefe akukana mkazi wa Potifara, omasulira a King James analemba "wotteth" ameneyu. Kumeneko n'chimodzimodzi kulemba "he cans", ndipo palibe anawakwapula.

Tinayenda m'Baibulomo ngati osaka mbewa. Pa Eksodo 16:15 Aisraele atola mana osadziwa kuti n'chiyani, pali "wist". Pa Eksodo 34:29 Mose akutsika phiri osadziwa kuti nkhope yake ikuwala, "wist". Pa Luka 2:49 Yesu wa zaka 12 akufunsa makolo ake m'kachisi ngati sankadziwa kumene ayenera kupezeka, "wist" yemweyo. Ndinaona kuti mneniyu amakonda kutulukira pamene munthu sakudziwa kanthu, ndiye n'chifukwa chake tinagwirizana. Koma vesi imene inandilasa ndi Oweruza 16:20. Samsoni wametedwa ali m'tulo, akudzuka n'kumati achita monga mwa masiku onse, osadziwa kuti mphamvu zapita. Ndinadziona ndekha ndikuvala magalasi pamaso pa alamu. Kunyumba ndinatsegula Buku Lopatulika lathu la 1922 lija, ndipo m'malo onsewa nkhani ikumveka bwinobwino, mwana wa Sande sukulu sangapite kukafunafuna munthu pamsika.

Shakespeare ankamugwiritsa ntchito "wot" m'masewero ake, nthawi imeneyo mawuwa adakali ndi kampweya. Pofika zaka za m'ma 1800 anali atafa m'kamwa mwa anthu wamba, koma alakatuli anakana kuika maliro. Ankamufukula akafuna kuti ndakatulo inunkhire chikalekale, monga amachitira mnyamata wa m'tauni amene akafika pamaliro kumudzi amayamba kuponya miyambi yosagwirizana. Mlakatuli wina wa pachilumba cha Isle of Man, T. E. Brown, analemba ndakatulo yotamanda dimba la maluwa n'kuikamo "wot" moyandikana ndi dzina la Mulungu. Anthu anaiseka mpaka kupanga mawu atsopano, "godwottery", otanthauza kulemba kodzikometsera ndi mawu akale. Munthu kulemba ndakatulo, cholowa chake n'kukhala chitonzo cha m'dikishonale.

Koma nkhani yokoma koposa ndi iyi. Kunali mawu ena akale, "iwis", otanthauza "ndithu", achibale a "gewiss" wa Ajeremani. Alembi ena ankawalemba motalikitsa "i" woyambayo, ndipo owerenga a pambuyo pake anaona ngati ndi "I" wa "ine". Basi anagamula kuti pali mneni "wis", ndipo "I wis" ndiye "ndikudziwa". Mneni amene sanabadwepo analowa m'ndakatulo za anthu ophunzira, a magalasi enieni. Nditamva izi ndinawongola khosi. Iwowo anapanga a Wisi, ine ndinapanga a Witi. Kusiyana kwake n'kwakuti a Wisi sanapalasitse munthu njinga.

Pomaliza aphunzitsi anatenganso pepala la mlandu lija n'kuloza m'munsi, pamene panalembedwa dzina la alamu. Pambali pake panali mawu akuti "witness", mboni. "Mwamuona mneni wanu uja?" anatero. Mboni ndi munthu amene waona, ndiye akudziwa. Kunena kwina, a Witi amene ankafunidwa masiku awiri aja ndi omwe anali pachishalo cha njinga.

Nzeru zatsopano zimayabwa, ndiye madzulo ndinati ndiziyese pakhomo. Mayi a kunyumba atafunsa za ndalama ya sopo imene anaisiya pansi pa wailesi, ndinayankha modekha kuti, "I wot not."

"Mwati what?"

Ndinafotokoza kuti si "what", ndi "wot", ngakhale aphunzitsi anandichenjeza kuti ku England komweko masiku ano ukalemba "wot" amangoti ukulemba "what" mwachibwana. Ndinafotokoza za Samsoni, za Ajeremani, za kuona kumene kumabala kudziwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, uku akupala mphika.

"Ndiye mwati woona ndiye wodziwa, bambo a ana?"

"Eya, mwagwira msanga."

"Chabwino. Ine Loweruka ndinakuonani pabawo paja, botolo lili pambali. Ndiye ndalama ya sopo, I wot."

Anautchula bwino kuposa ine, wopanda "s", wopanda kutsokomola.

Makalata a Chingerezi masiku ano akupita kwa mdzukulu wa anyakwawa, mtsikana wa Fomu 2 amene ali ndi foni. Alamu nawo akuti ndiwabwezere ndalama ya chubu chimene chinaphulika pa ulendo wofuna a Witi. Ndawalembera kalata yovomera, ndipo ndasaina kuti ndidzalipira ndi chiweto, to wit, nkhuku imodzi, ikadzaswedwa.