Thovu ndi limodzi, mabokosi ndi awiri

Ife a madazi timadzitonthoza kuti dazi ndi chizindikiro cha chuma, ngakhale m'thumba mukungowomba mphepo. N'chifukwa chake munthu wonyezimira paliwombo ngati ine amawerenga timapepala ta mankhwala omeretsa tsitsi mosamala ngati wilo ya amalume. Ndipo timapepalati tikuulula kuti mankhwala a abambo ndi a amayi nthawi zambiri ndi amodzi. Chosiyana ndi utoto wa kabokosi ndi mtengo.

Tengani minoxidil. Poyamba anali mankhwala a BP a kampani ya Upjohn ku America, mpaka madokotala ataona odwala akumera ubweya pamalo pomwe sanapemphe. Mu 1988 analoledwa kugulitsidwa kwa abambo m'dzina la Rogaine, amayi n'kudikira mpaka 1991. Thovu la minoxidil la 5 peresenti linafika kwa abambo mu 2006, kwa amayi mu 2014, mphamvu yake yomweyo. Koma ofufuza a ku University of Pennsylvania mu 2017 anapeza kuti m'masitolo a ku America thovu la amayi limadula ndi 40 peresenti kuposa la abambo pa muyezo wofanana. Wina anganene kuti mayi amauzidwa kupaka kamodzi patsiku, bambo kawiri, ndiye botolo la mayi limakhalitsa. Zoona, ndipo kamodziko n'koopa kuti tsitsi lingaphonye njira n'kukamera kuchibwano. Koma wogulitsa mchere pamsika sakweza mtengo wa kambale chifukwa choti kwanu mumathira pang'ono.

Wina angatinso matupi athu ndi osiyana. Apa ndivula chipewa, ngakhale kuvula chipewa kwa ine n'kudziyalutsa. Finasteride, amene kampani ya Merck inatulutsa mu 1992 pochiza prostate, kenako mu 1997 n'kumutcha Propecia wa dazi, amachepetsa homoni ya DHT yomwe imafooketsa mizu ya tsitsi. Ameneyu ndi wa abambo ndithu: mayi woyembekezera sayenera ngakhale kugwira piritsi lophwanyika, poti lingawononge ziwalo zobisika za mwana wamwamuna m'mimba. Kathothokedwe nakonso n'kosiyana. Ife chipumi chimayamba kulanda malo ngati mnansi wosuntha malire a munda, pomwe amayi tsitsi limapyapyala pakati pa mutu. Ena limawathera m'mbali chifukwa cha malukidwe okoka kwambiri ndi meshi yolemera, ena atangobereka, ena chifukwa chochepa ayironi m'magazi. Komatu mfundoyi ikundithandiza ine. Ngati zoyambitsa n'zosiyana chonchi, wofunika ndi dokotala woyang'ana pamutu, ndipo kabokosi kojambulapo mkazi womwetulira sikamasula zingongo zothina.

Chimene ogulitsa anayeza bwino ndi manyazi. Bambo dazi likakula amangometa mpala, anthu n'kuyamba kumutchula bwana. Mayi amabisa ndi duku kapena wigi, ndipo wobisa sanenerera mtengo. Tisadzitame kuti ndife ochenjera, abale anga onyezimira. Timalipira zochepa chifukwa dziko linatitaya kale.

Pansi pa kapepala, m'tizilembo tofuna magalasi, pali chilungamo chogawidwa mofanana: aliyense akasiya kupaka minoxidil, tsitsi lomera lija limathothokanso pakangopita miyezi ingapo. Tsitsi la lendi limeneli ine sindingalikwanitse, poti alandilodi a nyumba yokha akundikwana. Lumo pagolosale likadali lotchipa.