Kompyuta ya mitala

Kunyumba kwathu ine ndimadziwika kuti ndine katswiri wa makompyuta. Udindowu palibe anandipatsa. Ndinautola tsiku lomwe ndinakonza pulinta ya kutchalitchi poizimitsa ndi kuiyatsanso, ndipo chiyambire ndakhala ndikuuteteza ngati munda wa makolo. Zomwe ndikuulula pano zinachitikira pa laputopu yomwe si yanga n'komwe.

Mwini wake ndi mayi a kunyumba. Ndi laputopu yakale, yogula kwa munthu, kunsi kwake kukadali kapepala kofufutika ka Windows 7 ngakhale inakwezedwa kufika pa Windows 10. Mayiwa ndi mlembi wa banki m'khonde, choncho masheya a amayi onse, ngongole, chiwongoladzanja ndi chindapusa cha obwera mochedwa, zonse zimagona mu fayilo imodzi ya Excel. Nditamva kuti Microsoft isiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, komanso kuti Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 komwe nkhalamba yathuyi ilibe, ndinadziwa kuti nyengo yanga yowala yafika. Ndinalengeza pa nsima yamadzulo kuti ndiikamo Ubuntu pambali pa Windows.

Ndinalalika ndithu. Ndinati Ubuntu ndi mtundu wa Linux, ndi yaulere, inayamba kutuluka mu 2004, ndipo mwini maganizo ake ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Ndinati dzinalo ndi la Chizulu ndi Chixhosa, tanthauzo lake ndi umunthu wathu womwewu. Mayi anamvetsera mpaka ndiwo zinazizira, kenako anafunsa funso limodzi.

“Ndiye mwati kompyuta yanga ikhala pa mitala?”

Ndinafotokoza kuti sipakhala mkangano, chifukwa aliyense akhala ndi chigawo chake pa disiki, ndipo poyatsa pazibwera kamndandanda koti munthu asankhe kolowa.

“Amitala onse amayamba ndi mawu amenewo,” anatero akutola mbale.

Vuto loyamba linali la wotchi. Ndikagwiritsa ntchito Ubuntu usiku, m'mawa Windows imadzuka ili m'mbuyo ndi maola awiri. Osati ola limodzi ndi theka, osati atatu: awiri enieni, tsiku lililonse. Munthu wanzeru akanadabwa ndi kukhulupirika kumeneku. Ine ndinagamula kuti kabatire ka m'kati katha. Ndinagula kena, kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo ka CR2032, ndinatsegula laputopu ndi nsonga ya mpeni wosendera anyezi, ndinasintha, ndinatseka, ndipo panatsala kabawuti kamodzi komwe mpaka lero sindidziwa kwawo. Wotchi sinasinthe khalidwe. Chifukwa chake ndinadzachimva mochedwa: Linux imalemba nthawi ya UTC mu wotchi ya m'kati mwa makina, pomwe Windows imawerenga wotchi yomweyo ngati nthawi ya kwanuko. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Kabatire kosalakwa kanapita kudzala chifukwa cha umbuli wanga.

Lachiwiri linali la kamndandanda kaja. Dzina lake ndi GRUB, ndipo kamadikira masekondi khumi okha. Ukapanda kusankha, kamakulowetsa mu Ubuntu. Mayi chizolowezi chawo n'chakuti amadina batani n'kupita kukateleka madzi a tiyi, ndiye pobwera amapeza ali m'nyumba ya mkazi wamng'ono, Excel wawo osaoneka. Izi zimakonzeka posintha mzere umodzi mu fayilo ya GRUB, koma ine ndinasankha kuwaphunzitsa kuima chilili pa kompyuta ngati msilikali mpaka mndandanda utuluke. Anapirira milungu ingapo. Kumayambiriro kwa Disembala, disiki itayambanso kudandaula malo, anandipatsa chigamulo: “Abambo, mlendo wanuyu apakire.”

Ndinatsegula Disk Management mu Windows. Zigawo za Windows zinali ndi zilembo ndi mayina. Chigawo cha Ubuntu chinalibe dzina, popeza Windows siwerenga kalembedwe ka ext4, ndiye chinangooneka ngati malo ogonera. Ndinachifufuta, malo ake n'kuwonjezera ku C. Kompyuta inapitiriza kugwira ntchito madzulo onse, ana anaonerapo filimu, ine ndinagona tulo ta munthu wopambana.

Kutacha, Lachisanu, mawa lake kuli kugawana ndalama za chaka chonse, mayi anadina batani n'kupita ku tiyi wawo. Pobwera anapeza sikirini yakuda bii, pamwamba pali timawu toyera:

error: no such partition.
grub rescue>

“Abambo, tabwerani mudzaone mkazi wanu wasiya kalata.”

Apa ndi pomwe pali tchimo lenileni. Kufufuta kuja kunali kulakwitsa chabe, koma zomwe ndinachita kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa kupendeka zinali zadala. Ndinayamba ndi kunamizira magetsi, kuti anazima usiku. Mayi anati laputopu ili ndi batire, ndiponso inali yozimitsidwa. Ndinanamizira ana ndi filimu yawo. Ndinachotsa batire, ndinauzira m'mabowo, ndinadina batani kwa masekondi 30 nkhope ili yaukatswiri. Kenako ndinagula bandulo n'kuyamba kukopera malamulo a pa intaneti omwe sindimawamva. Ndinalemba ls, ndipo panatuluka (hd0) (hd0,msdos2) (hd0,msdos1). Ndinasangalala kuti makina andiyankha. Malangizo amati ndipeze chigawo chomwe muli /boot/grub, ndichilozere ndi set prefix, kenako ndilembe insmod normal. Ndinayesa chigawo choyamba: unknown filesystem. Chachiwiri: chimodzimodzi. Ndinabwerezanso zonse kangapo, mwina poganiza kuti makina atopa n'kuvomera. Maola onsewo ndinali kugogoda pa khomo la nyumba yomwe ndinaigwetsa ndekha dzulo lake, ndipo pansi pa mtima ndinali kudziwa.

Mayi sanakalipe, ndipo kusakalipako n'komwe kunandiwawa. Anatulutsa kope lakale la banki, lomwe linalekezera mu Juni, n'kuyamba kuwonkhetsa ndi cholembera pafupi nane. Foni yawo imalira pafupipafupi. Ndimangomva akuti, “Ayi amayi, zonse zili bwino, abambo akukonza.” Atadula foni yachitatu anayankhula osandiyang'ana: “Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.”

Cha m'ma 3 koloko anaimbira okha mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa ku koleji yemwe ndinamuphunzitsa ine kugwira mouse. Anafika ndi mafulashi awiri m'thumba la malaya. Anayang'ana sikirini kamodzi kokha.

“Amalume, mwafufuta chiyani?”

“Palibe. Yangozima yokha.”

Anakhala chete mwaulemu, kuja amachitira mwana akaona kuti wamkulu akunama. Kenako anafotokoza, maso ali pa kompyuta kuti andisungire ulemu. Pa makina akale a BIOS ngati awa, kompyuta ikayaka imawerenga kachigawo koyambirira ka disiki kotchedwa MBR, ka mabayiti 512 okha, ndipo malo a malangizo oyatsira ndi 446. M'kamalo kotere simungakwane pulogalamu yonse. Ndiye GRUB amakhala ngati mlonda wa pageti: iye ali pakhomo, koma makiyi ndi buku la alendo amasunga m'nyumba ya Ubuntu. Tsiku lomwe ndinaika Ubuntu, mlondayu analowa m'malo mwa wa Windows. Tsiku lomwe ndinafufuta chigawo, ndinagwetsa nyumba ya makiyi n'kusiya mlonda ali chiimire, wosatha kutsegulira aliyense. Windows ndi fayilo ya amayi zinali bwinobwino kuseri kwa geti.

“Koma poti simunafufute kanthu, amalume, mwina chinagwa chokha,” anamaliza motero. Azakhali ake anatsokomola kukhitchini.

Choyamba sanakonze chilichonse. Analowetsa fulashi, anadina F12, n'kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashipo osakhudza disiki. Pa sikirini panatuluka Ubuntu, yemwe uja ndinamupitikitsa. Ndi iyeyo amene anatsegula chigawo cha Windows n'kutulutsa fayilo ya banki m'khonde, mnyamata n'kuikopera pa foni ya azakhali ake. Za umunthu zija ndinalalika pa nsima, sindinazitchulenso.

Kenako analowetsa fulashi yachiwiri, yoikira Windows 10. M'malo mopitiriza kuika, anasankha Repair your computer, anatsegula Command Prompt, n'kulemba bootrec /fixmbr. Lamuloli limangolembanso malangizo a Windows mu kachigawo koyambirira kaja, osakhudza mafayilo. Linatha ndisanamalize n'komwe kukhala pansi. Anazula fulashi, anayatsanso, ndipo Windows inatuluka ngati munthu wochokera kumsika amene sakudziwa kuti kunyumba kunali maliro. Anandichenjeza kuti pa makompyuta atsopano a UEFI mankhwala ake ndi ena, chifukwa zoyatsira zimakhala m'chigawo chawochawo cha EFI, ndiye ndisakayese lamuloli kutchalitchi. Ndinagwedeza mutu ngati ndimadziwa kale.

Ndinamupatsa ya minibasi, ndipo ndinawonjezerapo ina yomwe tonse awiri tinamvetsetsa ntchito yake.

Loweruka amayi anagawana ndalama zawo pakhonde pathu, mpaka tambala yomaliza. Ine ndinali m'chipinda, khutu lili pa zenera. Wina anafunsa kuti kompyuta inatani dzulo. Mayi anati, “Inangodwala pang'ono, koma abambo anaitana dokotala wabwino.” Onse anayamikira kuti ndine bambo wosamala.

Laputopuyo tsopano ili ndi password yomwe sindinauzidwe. Kabawuti kaja mayi anakaika m'kambale ka pa shelefu, pamodzi ndi mabatani a malaya ndi singano, ndipo alendo akabwera n'kuyamba kufunsa za makompyuta, amakatulutsa n'kukaika patebulo patsogolo panga osanena kanthu.