Shati Yosavula

Basi ya ku Lusaka itaima pa Nyimba, pomwe amayi a nthochi amafika pamawindo matayala asanaime n'komwe, munatsika mnyamata amene wangomaliza kumene maphunziro pa yunivesite ya UNZA. Ulendo wake unali wa ku Petauke, kumwambo wa Tuwimba umene Ansenga a mfumu Kalindawalo amachita mu Okutobala, koma anayamba wapatukira kumudzi kwa ambuya ake. Anawatengera shuga, sopo ndi nkhani imodzi.

"Ambuya, ndikufuna kulembetsa tattoo. Mkono wonse, kuyambira paphewa mpaka apa povala wotchi. Kutauni timati sleeve."

Ambuya sanasiye kuswa mtedza. "Silivu n'chiyani?"

"Mkono wa shati."

"Ndiye ukufuna shati ya mkono umodzi, yosavula, yosachapa? Mwamuna wanga, sukulu yonse ija?"

Gogo akatchula mdzukulu kuti mwamuna wake, dziwani kuti chipongwe chaloledwa ndipo palibe wokadandaula kwa amfumu.

Mnyamata anatulutsa foni n'kuyamba kufotokoza ngati ali m'kalasi. Ntchito yotere sachita tsiku limodzi. Umayamba wakhala pansi ndi wolemba, iye n'kuyeza mkono, n'kujambula chithunzi choti chizungulire bwino chigongono, chifukwa khungu la pamenepo limapindika. Kenaka amadinda chithunzicho pakhungu, n'kuyamba mizere, mithunzi n'kubwera pambuyo. Singano ya makina imalowetsa inki mamilimita 1 kapena 2, pansi pa khungu lakunja lija limafundula, n'chifukwa chake sifufutika. Ukakhala maola angapo umapita kunyumba kukadikira masabata kuti bala lipole, osakanda, osaliika padzuwa, kenaka n'kubwereranso. Mkono wonse ungadye maola oposa 20 ndi miyezi yambiri.

"Miyezi? Ife ankatimaliza madzi a nsima asanawire."

"Inu?"

Ambuya anasansa makoko pachitenje, n'kukwinya mkono wa bulauzi. Pamwamba pa chigongono panali timizere takuda, tondondozana bwino ngati mizere ya m'munda wa munthu wakhama. Mphini. Mdzukuluyo anakulira pamsana pa mayi ameneyu, koma anali asanaziyang'anitsitsepo.

"Izi n'zoonera aliyense. Zina zili pamimba ndi m'chiuno, pomwe pamakhala mikanda. Zimenezo anaziwerenga ambuya ako aamuna okha, ndipo sanadandaulepo. Mayi wina wa luso ankatsina khungu, n'kutema, n'kupakamo makala osinja. Malipiro ake nkhuku. Wako wa ku Lusakayo akufuna nkhuku zingati?"

Mnyamata anatchula mtengo motsitsa mawu. Ambuya anawerenga zala kawiri.

"Zimenezo si nkhuku. Ndi khola la mbuzi, ndi chitseko chomwe."

Pofuna kubweza ulemu wa digiri yake, mnyamata anathawira ku mbiri yakale. Mawu akuti tattoo, iye anatero, anachokera ku Tahiti, kumene amati tatau, ndipo anafika m'Chingerezi ndi ulendo wa James Cook wa mu 1769. Makina amagetsi olembera anawalembetsa Samuel O'Reilly ku New York mu 1891. Ndipo mu 1991, m'mapiri a pakati pa Italy ndi Austria, anapeza mtembo wouma m'madzi oundana wa munthu amene amamutcha Ötzi, wa zaka pafupifupi 5,300. Pathupi pake pali zolemba 61 zakuda ndi mwaye, zambiri m'mawondo, m'akakolo ndi m'munsi mwa msana.

"M'mawondo ndi pamsana?" Ambuya anaseka mpaka lichero linapendama. "Ameneyo sanali kutchena ayi. Anali ndi nyamakazi, anapita kwa sing'anga. Ndikuonetse zanga za pabondo?"

Apa tinene chilungamo: akatswiri ena amene anamuyeza Ötzi amaganizanso chimodzimodzi, kuti zolembazo zinali mankhwala a ululu. Ambuya anafika pa yankho lomwelo alibe ngakhale satifiketi ya giredi 7.

Chimene chinawawawa n'china. Ana awo, mayi ake a mnyamatayu ndi anzawo, anakula akumva kutchalitchi ndi kusukulu kuti mphini n'zachikunja, za anthu osatsegula m'maso. Atsikana anasiya kutemedwa. Matenda a Edzi atafika m'ma 1980, a zaumoyo anachenjeza za lezala limodzi lotemera anthu ambiri, ndipo pamenepo ambuya sakutsutsa: anaika maliro okwanira. "Koma taonani lero. Zomwe munkatiseka nazo zakwera ndege, zabwera ndi dzina lachizungu, ndipo mukugulitsa mbuzi kuti muzigule."

Kenaka anamufunsa ngati nesi wa pachipatala. Singanoyo ndi ya anthu angati? Ya munthu mmodzi, amaitsegula m'pepala iwe ukuona, wolembayo atavala magolovesi. Nanga khungu lako umalidziwa? Anamukumbutsa za amalume ake, amene kabala ka minga kanawasiyira chotupa ngati nthudza. Mnyamata anavomera kuti madokotala amatcha zimenezo keloid, kuti zimakonda anthu akhungu lakuda ndipo zimayenda m'magazi a pabanja. Anavomeranso kuti inki yachikasu sioneka bwino pakhungu ngati lake, ndiponso kuti kufufuta ndi laser kumadula kuposa kulemba.

"Chabwino. Tione chimene ukufuna kuvala mpaka kumanda."

Paphewa panali nkhwazi ya pambendera ya Zambia.

"Pano ndi nkhwazi chifukwa mnofu ulipo. Ukadzafika zaka zanga idzakhala nkhuku yonyowa ndi mvula."

M'munsi mwake munali mlatho wa Luangwa.

"Umenewo anautsegula mu 1968, ine ndili ndi mwana kumbuyo. Ukuopa kuti ugwa, ukufuna kusunga wina?"

Kenaka mkoko wa nthochi za pa Nyimba, umene ambuya anati udzachititsa anyani kumutsatira. Pamapeto, mkati mwa mkono, panali nkhope ya mayi wovala duku. Ambuya anayandikiza foni kumaso, n'kuitalikitsa, n'kuiyandikizanso.

"Mfiti iyi ndani?"

"Ndinu, ambuya."

"Ine? Uzipita nane kumowa? Uzindipukutira thukuta m'minibasi za ku Kamwala? Ukakakumbatira mtsikana, ine ndili pompo ndikuyang'ana? Ndichotse msanga."

Anakangana mpaka nkhuku zinayamba kulowa. Chigamulo chinali chakuti nkhwazi ikhale, nthochi zipite, mlatho akauganizire bwino. Pamalo pa nkhope paikidwe timizere tija ta pamkono pa ambuya, monga momwe tilili, osawonjezera maluwa. Mnyamata anatijambula katatu ndi foni, ambuya akumulangiza mbali yochokera kuwala.

M'mawa mwake anakwera galimoto ya ku Petauke, mtunda wa makilomita pafupifupi 70, mkono udakali woyera. Ambuya anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo anamukumbutsa kuti chithunzicho n'chawo: wolemba wa ku Lusakayo atumize nkhuku.